Ukhansala wa Achemwali ndi Bokosi la a Kamwendo

Amayi anga, kodi kumeneko mwadzuka bwanji?

Ife kuno ku Kawale tilipo ndithu, kungoti ine mutu umandiwawa pang'ono chakumanzereku. Kuchipatala ndinapita, ndinabwererakonso, ndipo akuti palibe chimene achipeza, ndizingogona mokwanira. Ndikudziwa kuti mukuseka. Paja munkati, "Iwe Fatsani, umayenda ndi ambulera ya mvula ya chaka chamawa." Sindinasinthe, Amayi.

Ndiyambe ndi yokoma. Mpongozi wanu Agnesi anachira bwinobwino ndipo kwabwera mwana wamkazi. Tamupatsa dzina lanu. Watenga mphuno yanu, watenganso mawu anu, moti akalira a nyumba yachitatu amatuluka kudzafunsa ngati kuli bwino. Masabata oyamba ndinkangoti kanthawi pang'ono ndapita kukaika chala pamphuno pake kuti ndimve ngati akupuma, mpaka Agnesi anandiuza kuti ndikapitiriza anditumiza kukakhala kwa amalume ku Mchinji kufikira mwanayo atayamba sukulu. Panopa ndimangosuzumira pakhomo.

Amalumewo ali bwino. Mtedza wawachitira chaka chino, chimanga ayi, poti feteleza anathira wochepa. Anatitumizira kathumba ka mtedza pa minibasi, kanafika katachepa pang'ono, koma sitinafunse. Mtengo wa mapeyala munabzala kuseri uja wabereka koyamba. Munkauopseza chaka ndi chaka kuti muudula, ndiye unadikira kuti muchoke kaye. Mapeyala ake ndi amafuta, ndipo ana a aneba akuwadziwa kuposa ife. Denga la kukhitchini likudonthabe pomwe paja. Ndikudziwa kuti n'zamanyazi kwa munthu wokhala ndi akalipentala tsiku lililonse, musandikumbutse.

Koma chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi nkhani ya achemwali a Tereza. Amayi, mwana wanu uja, yemwe munkamuthamangitsa ndi tsache chifukwa choyankha akuluakulu, ndi khansala wa dera lathu lino.

Ndifotokoze kuyambira pomwe munatisiyira, kuti musasokonezeke. Mukukumbuka kampani ya mipando ku Biwi komwe tinkagwira ntchito tonse awiri, ine ndikujambula ndi kuyeza, achemwali akukuta masofa ndi nsalu. Inatsekedwa chaka munapita chija chisanathe. Antchito tinakhala milungu ingapo tikungokumana pageti m'mawa ngati nkhuku zozolowera pomwe zimathiridwa madeya. Kenako tinagwirizana zochita lendi shedi, aliyense kubweretsa zida zomwe anali nazo, n'kuyambitsa kopaletivi. Mfundo yathu yoyamba inali yakuti pasakhale bwana. Lolemba lililonse m'mawa timakhala pa mabenchi n'kugwirizana za ntchito ya sabatayo, ndipo woyendetsa zokambirana amasinthasintha. Zomwe tapeza timagawana monga tinapanganira. Ine ndi dipuloma yanga ndimasesa utuchi tsiku langa likafika, ndipo ndimasesa bwino kuposa onse, ngakhale palibe amene wandiyamikirapo.

Anthu a ku Biwi anatipatsa dzina, amati kwa Opanda Bwana. Kasitomala akalowa n'kufunsa kuti bwana ali kuti, amamuyankha ndi Che Jafali, kalipentala wachikulire wa ku Mangochi uja ankakupatsani moni wa Chiyao inu n'kumayankha zolakwika. Amati, "Mwawapeza. Ndi awo akusesawo, ndi awo akutafuna chinangwawo, komanso ndi ine. Sankhani amene nkhope yawo yakusangalatsani."

Ndili ku koleji ndinawerengapo za anthu ena amene amakhulupirira kuti anthu angathe kudziyendetsera zinthu okha, popanda wowalamulira pamwamba. Nthawi imeneyo bukulo ndinalitseka msanga, chifukwa m'mutu mwanga munabwera matayala oyaka pamsewu ndi utsi wokhetsa misozi. Sindinkadziwa kuti zimenezi zingathe kubweranso mwakachetechete, Lolemba m'mawa, anthu akukangana za amene waiwala kubweza hamala. N'zochedwa, Amayi. Nkhani yomwe bwana akanaidula ndi liwu limodzi ife imatitengera mpaka tiyi kuzizira. Koma tikagwirizana palibe amene amagwira ntchito akung'ung'udza, ndipo misomali inasiya kusowa. Ena ataona anayamba kutengera. Amayi ophika mandasi ali ndi gulu lawo, anyamata a kabaza lawo, atelala a kumsika lawonso.

Za ukhansala zinayamba ndi ngalande ya kumsika ija. Inatsekeka, ndipo mvula ikagwa madzi ankalowa m'nyumba za kumunsi. Aliyense ankadikira khansala, khansalayo akudikira nthawi ya kampeni. Malamulo a komwe munthu angagulitsire kapena kuimika njinga ankapangidwa kukhonsolo ife osamva. Tsiku lina magulu onse atakumana, wina anati bwanji titumizeko munthu wathu pachisankho. Che Jafali anakana kwamtuwagalu. Anati, "Mpando umenewo uli ndi guluu. Ndaona anthu abwinobwino akukhalapo, podzuka n'kudzuka nawo utamatirira kumbuyo." Ine ndinali mbali yawo, poti ndinali nditaganizira kale njira zonse zomwe zinthu zingalakwikire.

Ndiye achemwali anaimirira, manja m'chiuno monga mumawadziwira. Anati, "Mpandowo ulipo kale. Tikaukana akhalapo wina n'kumatiyang'ana pamutu. Ife si akalipentala? Tiutenge, tiziudula miyendo pang'onopang'ono, lero chala chimodzi, mawa china, mpaka udzafanane ndi benchi. Tikaudula tsiku limodzi apolisi abwera." Anthu anaseka, ndipo poti oyankhula anali iwowo, anasankha iwo omwewo. Munkanena inu kuti wotchula za nkhuni ndiye amakatola.

Tinawamanga ndi mfundo zolimba. Iwo si mtsogoleri koma wotumidwa. Kumapeto kwa mwezi uliwonse anthu a m'dera amakumana pabwalo la sukulu n'kuwauza zokanena kukhonsolo, iwo n'kudzabweza yankho. Ntchito iliyonse imene anthu angathe kuigwira okha aibweze kwa anthu. Asagawe kanthu, kaya nsalu kaya sopo. Apitirize kukuta masofa masiku awo. Ndipo msonkhano ukadzati atule pansi udindo, atule. Anaima paokha, opanda chipani, chizindikiro chawo chili benchi. Kampeni yake inali ya miyendo, khomo ndi khomo, yopanda lole kapena zimkuzamawu. Mayi wina anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kufunsa kuti, "Mwabwera chimanjamanja chonchi, ndiye tikuvotereni ndi chiyani?" Achemwali anati, "Ndi chala, mayi, ngati momwe mumavotera enawo." Mayiyo anaseka mpaka kuwapatsa madzi akumwa, ndipo tsiku lotsatira ndi iye amene ankawatsogolera m'makomo a anzake.

Tsiku lolengeza zotsatira linafika. Anapambana ndi mavoti ochepa, koma anapambana. M'mawa mwake anthu omwe dzulo lake ankawaitana kuti mayi a masofa anayamba kuti Olemekezeka. Kutchalitchi wina anawabweretsera khushoni. Iwo ankaseka n'kumakana, koma ine ndinaona kuti khosi lawo lawongoka pang'ono. Sindinawauze.

Mayeso enieni anabwera ndi a Kamwendo, agogo aafupi osoka nsapato pansi pa mtengo wa kumsika aja, omwe anasoka nsapato zanu za kutchalitchi mpaka pansapatopo sipanatsale chikopa cha kusitolo. Anatisiya mwezi wathawu, atakalamba mokwanira, mosavutika. Mukawaona kumeneko muwapatse moni.

Mukudziwa mwambo wa m'tauni muno. Maliro akagwa, anamfedwa amalawirira kwa khansala kuti agule bokosi. Palibe pomwe zinalembedwa, koma khansala wosagula bokosi amakhala wa ulendo umodzi. Lanu anagula ndi khansala wakale uja. Linali labwino, sindinganame. Koma analikuta ndi nsalu ya chipani chake, anayankhula mpaka dzuwa kupendeka, ndipo dzina lanu analitchula molakwa. Achemwali sanaiwale zimenezo. Paja munkati wokupatsa mchere pabwalo amafuna umuthokoze pabwalo.

Ndiye m'mawa wotsatira imfa ya agogowo achemwali potsegula chitseko anapeza abale a a Kamwendo atakhala pakhonde, zipewa zili m'manja. Nthawi yomweyo khansala wakale anali atatumiza kale uthenga kusiwa kuti bokosi lake lilipo, bola amulole kulikuta ndi nsalu yake ndi kuyankhula kumanda. Mayi Kamwendo, mkazi wa malemu, sanazungulire. Anauza achemwali kuti, "Ine ndinavotera benchi, mwana wanga, koma amuna anga sangagone pabenchi. Likamalowa dzuwa mulibe kanthu, nditenga la akale aja, ndipo musandiimbe mlandu."

Achemwali anafika kushedi maso ali psuu. Tinazimitsa makina n'kukhala pa mabenchi ngakhale silinali Lolemba. Iwo anati angogulitsa makina awo osokera, agule bokosi mwakachetechete, nkhani ithe. Ine ndinati, "Nanga maliro a mawa mudzagulitsa chiyani, achemwali? Ndipo mukagula lero, kusiyana kwanu ndi akale aja kutsala galimoto yokha." Koma kukana kunali koopsa chimodzimodzi. Anthu akanati tinavotera mphepo, ndipo manyaziwo akanagwera magulu onse, a mandasi, a kabaza, atelala. Wina anati ife a kopaletivi tingokhoma bokosi n'kupereka. Mnzake anamuyankha kuti pamenepo tangosintha dzina la bwana, mawa anthu azidzagwada pakhomo pa shedi.

Che Jafali ankapala kathabwa ndi mpeni. Kenako anati, "Ine za mabokosi sindizidziwa. Kwathu timanyamula maliro pa machira otchedwa jeneza, ndipo jeneza la kumzikiti silikhala la munthu. Koma ndifunse nawo. Manda anu amakumba ndani?" Tinati adzukulu, anyamata a m'dera. "Ufa wa pamaliro umachokera kuti?" Tinati nyumba iliyonse imapereka kambale. "Nkhuni?" Tinati chimodzimodzi. Iwo anati, "Ndiye bokosi lokhali linalakwa chiyani kuti lizidikira munthu wa galimoto?"

Apo ndinayankhula ine, ndipo ndikufuna mudziwe kuti maganizo otsatirawa anali a mwana wanu. Ndinati titsegule shedi. Ife tipereke zida ndi luso, koma matabwa achokere m'makomo ngati ufa, ndipo manja akhale a aliyense wofuna. Tinagwirizana tiyi asanazizire, koyamba chiyambire. Achemwali anatenga a Mbewe, mkulu wa buloko yathu amene amayendetsa miyambo ya maliro, n'kuyamba kulowa m'makomo kupempha thabwa ndi dzanja.

Amayi, mukanaona zomwe zinabwera. Chitseko chakale. Mashelefu a okala yomwe inagwa. Mbali ya bedi. Matabwa a khola la nkhuku, omwe ndinalamula kuti atsukidwe ndi sopo, anthu n'kundikumbutsa kuti kuno kulibe wolamula, ndiye ndinatsuka ndekha. Anyamata a kabaza ankatuta pa njinga osalipiritsa. Amayi a mandasi anakhala pansi n'kumazula misomali yakale ndi kuiwongola pamwala. Telala wina yemwe sanagwirepo macheka anadula thabwa mokhota, tinalitembenuza kuti likhale lapansi. Mbawa inagundana ndi paini, ndipo mushedi munali phokoso ngati pachinkhoswe, mpaka a Mbewe ankatikumbutsa kuti paja ndi maliro.

Abale a malemu anali atadula mabango awiri ofanana ndi msinkhu wa a Kamwendo, lina kutipatsa ife, lina kupatsa adzukulu okumba manda. Ine bango sindinalikhulupirire. Ndinati nanga pilo, nanga ngati anawayeza maondo atapindika? Ndinawonjezera chikhatho chimodzi pojambula, osauza munthu poti chinali chochepa. Wodula matabwa naye anawonjezera chake kuti agogo asapanikizike. Che Jafali, poti linali bokosi lawo loyamba, anawonjezera m'mapewa. Okhoma chivundikiro ataona kuti chawo chachepa anachikuza, okhoma m'mbali ataona chivundikiro chakula anakuzanso zawo. Aliyense anachita mwa chikondi, ndipo panalibe mmodzi woyang'ana zonse. Achemwali analikuta m'kati ndi nsalu yotsala ya sofa, ya maluwa akuluakulu ofiira.

Dzuwa lisanalowe tinali titalifikitsa kusiwa. Mayi Kamwendo analisisita ndi dzanja n'kunena kuti, "Amuna anga sanagonepo pabwino chonchi ali moyo." Anatumiza mawu othokoza kwa khansala wakale kuti bokosi lapezeka. Ine ndinaliyang'ana n'kuona ngati lakula, koma ndinati ndi nkhawa zanga za masiku onse zomwe zija. Tsiku limodzi lokha lomwe nkhawa yanga inali yoona, ndinaimeza.

Zinaululika kumanda mawa lake. Adzukulu anagoneka bango lawo pachivundikiro, ndipo bangolo linathera panjira. Mukudziwa kuti pamaliro a munthu wokalamba adzukulu saopa kuseka. Mkulu wawo anazungulira bokosilo akupukusa mutu n'kufunsa mokweza kuti, "Kodi a Kamwendo akupita okha kapena ali ndi alendo?" Mnzake anati, "Asiyeni, akatsegulira momwemo shopu ya nsapato." Anthu ena anaseka m'nsalu, koma kumbuyo ndinamva mawu ena: "Zopanda bwana ndi zimenezitu." Khansala wakale anali ataima pamthunzi, manja atapinda.

Mkulu wa adzukulu anati, "Dzenje lathu lili bwino, olakwa ndi a bokosi. Bwana wanu ndani kuti timulipitse?" Ndinatukula mkono n'kunena kuti ndinawonjezera chikhatho ndine. Wodula uja anati, "Inenso." Che Jafali anati, "Ine m'mapewa." A chivundikiro nawo anatukula mikono. Mkulu uja anatiyang'ana mmodzimmodzi n'kunena kuti, "Chabwino. Poti nonse ndinu mabwana, nonse lowani m'dzenje." Anatipatsa makasu, iwo n'kukhala pamulu wa dothi n'kumatilozera. Ndinalowa ndi suti yanga ya ukwati ija, Amayi. Agnesi mpaka pano sakufuna kumva za nkhaniyi.

Tili m'kati mokuza dzenjelo, a Mbewe anafuna kutseka mpata kuti anthu asatope. Anayankhula monga anazolowera zaka zonsezi. Anati, "Pomwe anzathu akukonza nyumba ya agogoyi, timve mawu kuchokera kwa Olemekezeka khansala wathu, amene atigulira bokosi lalikulu chonchi, chizindikiro cha mtima waukulu." Anthu anavomereza kuti eee.

Ndinaimitsa khasu. Ndili m'dzenjemo ndinkangoona miyendo ya anthu ndi thambo. Achemwali akanangoweramitsa mutu n'kuthokoza, palibe akanawatsutsa pagulu, ndipo chisankho chikubweracho chikanakhala chawo kale. Pambuyo pake anandiuza kuti mawu a a Mbewe aja anawakomera ngati thobwa la m'chilimwe, ndipo anafunika kumeza kaye malovu.

Kenako ndinamva mawu awo, ochokera pakati pa amayi pomwe anakhala. "Zikomo a Mbewe. Ine sindinagule bokosi. Ndalama zake ndilibe, ndipo ndikanakhala nazo sindikanagulabe. Changa ndi nsalu ya m'katimo basi. Amene anapereka thabwa, kapena msomali, kapena dzanja, aimirire kuti a Kamwendo awaone."

Ndinakwera pamapewa a wodula matabwa uja kuti ndisuzumire. Anthu ankadzuka uku ndi uku pakati pa mitanda: mwini chitseko, mwini khola la nkhuku, a kabaza, a mandasi, telala wa thabwa lokhota. Mayi Kamwendo nawo anadzuka mogwiririzidwa, poti thabwa la kumutu linali lomwe amuna awo ankakhomerapo nsapato. Oimirira anachuluka moti ena omwe sanapereke kanthu anaimirira chifukwa cha manyazi, ndipo palibe anawakhazika pansi. Bambo wina wokhala pansi anafunsa mosabisa mawu kuti, "Ndiye khansalayo ntchito yake n'chiyani?" Achemwali anati, "Lachinayi ndikupita kukhonsolo kukanena za ngalande, bambo. Mubwere mundiperekeze." Bokosi linalowa bwinobwino, ndipo a Kamwendo anagona motakasuka kuposa aliyense m'manda amenewo.

Msonkhano wa kumapeto kwa mwezi unagwirizana kuti pangodya ya shedi pazisungidwa matabwa a maliro, aliyense aziponyapo lomwe ali nalo. Unagwirizananso kuti bokosi lililonse lizikhala ndi woyeza mmodzi, wosankhidwa tsiku lomwelo, ndipo wofuna kuwonjezera azinena mokweza. Woyamba anasankha ine, atandilumbiritsa. Bambo wofunsa uja anapitadi kukhonsolo. Ngalandeyo a khonsolo akuti ili m'ndondomeko, koma anthu atopa kudikira ndipo theka aitsegula okha ndi mafosholo, Loweruka lililonse kachigawo. Enanso akung'ung'udzabe kuti kale zinali zosavuta, unkangogwada kamodzi n'kupatsidwa. Sindikuwatsutsa. Kugwada kumafulumiradi kuposa msonkhano.

Sabata yathayi kunagwanso zovuta chakumtunda kwa tchalitchi, mayi ake a mphunzitsi wina. Anamfedwa anabwera molunjika kushedi ndi bango lawo, aneba awo ali pambuyo ndi matabwa. Bokosi linatha masana, ndipo linali lokwana ndendende, ndinayeza ndine. Kwa achemwali sikunapite munthu. Iwo tsiku limenelo anali kukhonsolo, ndipo anadziwa za malirowo pobwerera, ataona masamba oyalidwa pamsewu.

Madzulo anabwera kwathu. Ananyamula mwana uja n'kukhala naye pakhonde. Kenako anati, "Fatsani, anthu aja sanandiuze n'komwe." Ndinati, "Si zomwe tinkafuna, achemwali?" Anati, "Eya, ndi zomwezo. Koma akanangogogoda, ine n'kuwauza kuti pitani kushedi." Tinaseka mpaka mwana kudzidzimuka, koma m'maso mwawo munali madzi, ndipo si onse anali a kuseka. Ine ndinali nditaganizira zoopsa zonse: kuti adzanyada, kuti adzatigulitsa, kuti adzalephera. Sindinaganizepo kuti zikayenda bwino pakhomo pawo padzakhala zii, ndi kuti munthu wokonda anthu ngati iwo zidzamupweteka. Mwina chisankho chikubweracho anthu adzati khansala wotere safunika. Iwo akuti zikadzatero ndiye kuti ntchito yagwirika, adzabwerera ku masofa ndi mtima umodzi. Ine ndikuda nkhawa, monga mwa nthawi zonse, koma nkhawa yake ndi yopepuka.

Ndilekeze apa, mwana wadzuka ndipo Agnesi akuti lero ndi tsiku langa lochapa matewera, poti zopanda bwanazi zafika ndi kunyumba komwe. Timakusowani, Amayi, makamaka pa nkhani ngati izi zomwe mukanaseka mpaka kugwira m'nthiti. Za mwana wanu wamkazi musade nkhawa, imeneyo ndi ntchito yanga. Ndikukulonjezani kuti Loweruka lililonse m'mawa ndizipita kukagogoda pachitseko chawo, mwamphamvu, ndipo akatsegula n'kufunsa kuti ndikufuna chiyani, ndiziti palibe, ndangobwera.

Ndine mwana wanu wokukondani mpaka kalekale,

Fatsani